Hisope: Tanthauzo la Dzina la Chitsamba m'Chigriki ndi Mmene Linafikira m'Chinyanja

1. Chiyambi

Aliyense amene anakulira mu mpingo wa anthu olankhula Chinyanja anamvapo mawu akuti hisope. Amawerengedwa pa guwa m'nyengo ya Pasaka, amamveka m'mapemphero a kulapa, ndipo ana a sukulu amakumana nawo m'phunziro la chipembedzo. Komabe tikafunsa kuti hisope n'chiyani, mayankho amasiyana. Ena amati ndi mtengo, ena amati ndi mankhwala akumwa, ndipo si zachilendo kumva wophunzira akunena kuti ndi mtundu wa sopo, popeza mawu awiriwa amamveka mofanana ndiponso onse amayendera limodzi ndi nkhani ya kusamba. Kuno ku Kabwe, kumene achinyamata amaphunzira uphunzitsi ku Kwame Nkrumah University ndipo ena amakonzekera unsembe ku seminale ya Mpima, funsoli ndi lofunika, chifukwa anthu amenewa ndiwo adzaime pamaso pa ana ndi pamaso pa mipingo kufotokoza mawuwa.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kufufuza tanthauzo la dzina la Chigriki lakuti hyssopos, lomwe ndi kholo la hisope, ndi kupenda mmene omasulira Baibulo m'Chinyanja anachitira nalo. Mfundo imene tikufuna kukhazikitsa ndi yakuti hyssopos silinali dzina la chomera chimodzi chokha monga mmene akatswiri a zomera amaperekera mayina masiku ano. Linali dzina loyendayenda, limene mtundu uliwonse wa anthu unalipatsa chitsamba chonunkhira chimene unali nacho pafupi, ndipo tanthauzo lake limapezeka poona ntchito imene chitsambacho chikugwira pa malo amene dzinalo lalembedwa. Tikaiwala zimenezi timaphunzitsa zolakwika, ndipo kulakwitsa pa dzina la mankhwala kumatha kuvulaza munthu.

2. Gwero la dzinali

Ngakhale timalitcha dzina la Chigriki, hyssopos si mbadwa m'Chigriki. Agriki analibwereka ku zinenero za Chisemiti, ndipo mbale wake wodziwika kwambiri ndi ezov wa m'Chihebri. M'Chiarabu muli zufa. Pamene Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira malemba awo m'Chigriki, m'zaka za pakati pa 300 ndi 200 Khristu asanabadwe, ntchito imene timaitcha Septuagint, anapeza kuti Chigriki chili kale ndi dzina lomveka ngati lawo, ndipo analilemba m'malo mwa ezov. Kufanana kwa kamvekedwe kunatengedwa ngati umboni wakuti chomera nachonso ndi chimodzi.

Dzina lakuti ezov limapezeka kakhumi m'Chipangano Chakale. Pa Eksodo 12:22 Aisraele akulamulidwa kuviika kamtolo ka chitsambachi m'magazi a mwanawankhosa ndi kupaka pamphuthu za makomo awo. Mu Levitiko 14 dzinali latchulidwa kasanu, pa mwambo wowaza munthu amene wachira nthenda ya pakhungu, ndi wowaza nyumba imene makoma ake anagwidwa ndi nkhungu. Mu Numeri 19 latchulidwa kawiri: chitsambacho chikuponyedwa pamoto pamodzi ndi ng'ombe yaikazi yofiira, kenaka chikuviikidwa m'madzi owazira anthu amene anakhudza maliro. Pa 1 Mafumu 4:33 nzeru za Solomo pa zomera zikuyezedwa kuyambira pa mtengo waukulu wa ku Lebanon kufikira pa ezov womera pakhoma. Komaliza ndi Salimo 51:7, pamene wolapa akupempha kuyeretsedwa.

Tikasonkhanitsa malo onsewa tikupeza zinthu zitatu: chitsambachi ndi chaching'ono, chimamera pa makoma ndi pa miyala, ndipo chimatheka kumangidwa kamtolo kosunga madzi kapena magazi. Koma pali chinthu chachinayi chimene owerenga ambiri sachiona. Pa malo khumi onsewa palibe pamene munthu akumwa chitsambachi kapena kuchipaka pachilonda. Mu Levitiko 14 wansembe amayamba waona kuti wodwalayo wachira kale, ndipo mwambo umabwera pambuyo kuti munthuyo abwerere pakati pa anzake. Choncho ezov wa m'Chihebri ndi chowazira cha pa mwambo. Kuchiritsa si ntchito yake.

Akatswiri ambiri, kuphatikizapo Michael Zohary m'buku lake la 1982 lonena za zomera za m'Baibulo, amagwirizana kuti chomeracho ndi Origanum syriacum, chitsamba chonunkhira cha masamba aubweya chimene Aarabu amachitcha za'atar. Ubweyawo ndiwo umagwira madzi. Saadia Gaon, amene anamasulira malemba a Chihebri m'Chiarabu ndipo anamwalira mu 942, analoza ku chitsamba chomwechi, ndipo Asamariya amachigwiritsabe ntchito pa Pasaka wawo pa phiri la Gerizim. Maganizo ena analipo: mu 1844 J. F. Royle ananena kuti ndi Capparis spinosa, chomera chaminga chimene chimalendewera pa makoma akale, koma masamba ake osalala sasunga madzi. Umboni wothandiza kwambiri pa mfundo yathu uli mu Mishnah, buku la malamulo a Chiyuda limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200. Arabi analamula kuti ezov amene ali ndi dzina loonjezera, monga wa Agriki, wa Aroma kapena wa m'chipululu, ndi wosayenera pa mwambo. Lamuloli likusonyeza kuti eni chinenero ankadziwa kuti dzina limodzili linkatchula zitsamba zingapo, ndiponso kuti cha Agriki chinali chosiyana ndi chawo.

3. Hyssopos pakati pa asing'anga a Chigriki

Tikachoka ku malemba a chipembedzo n'kulowa m'mabuku a mankhwala, dzina lomweli likusenza katundu wina. Mboni yaikulu ndi Dioscorides, sing'anga wa ku Anazarbus m'chigawo cha Cilicia, chimene lero chili m'dziko la Turkey. Cha m'zaka za pakati pa 50 ndi 70 analemba mabuku asanu ofotokoza zomera pafupifupi 600, amene amadziwika ndi dzina la Chilatini lakuti De Materia Medica. M'buku lachitatu akunena kuti hyssopos ali mitundu iwiri, wa m'mapiri ndi wa m'dimba, ndi kuti wabwino koposa ndi wa ku Cilicia. Akulangiza kuti aphikidwe pamodzi ndi nkhuyu, uchi ndi chitsamba china chotchedwa peganon, ndipo madzi ake amwe wodwala chifuwa chamgonagona kapena mphumu. Akutinso amapha njoka za m'mimba. M'buku lachisanu akutchula vinyo wothiramo chitsambachi.

Chimene chasautsa akatswiri kwa zaka mazana ambiri ndi chakuti Dioscorides sanafotokoze maonekedwe a hyssopos. Anangonena kuti ndi chitsamba chodziwika, napitirira kunena za ntchito zake, monga mmene ifeyo sitingatayire nthawi kufotokozera munthu wa ku Chipata maonekedwe a chisoso. Chithunzi cha chomeracho timachipeza mozungulira, pamene iye akufotokoza mtundu wina wa origanon n'kunena kuti masamba ake amafanana ndi a hyssopos. N'chifukwa chake mtanthauziramawu wamkulu wa Chigriki wa Liddell ndi Scott umaloza ku mtundu wa Origanum.

Apa tikuona kuti pofika nthawi ya Chipangano Chatsopano liwu limodzi linali ndi matanthauzo awiri. Kwa Mgriki wa ku Cilicia linali mankhwala a chifuwa. Kwa Myuda wowerenga Septuagint linali chowazira magazi a Pasaka. Chilatini chinalandira onse awiri m'mawu akuti hyssopus, amene Jerome anawalemba m'Baibulo lake cha m'ma 400. Patapita zaka zoposa 1,300, mu 1753, Carl Linnaeus anatenga dzinali n'kulipatsa chomera chimodzi, Hyssopus officinalis, chitsamba cha maluwa obiriwira ngati mtambo chimene chinkalimidwa m'madimba a mankhwala ku Ulaya. Mawu akuti officinalis amatanthauza chosungidwa m'nyumba ya mankhwala. Chomera chimenechi sichimera chokha m'dziko la Palestine. Koma popeza ndicho chimene Mngelezi amachitcha hyssop, wophunzira amene atsegula mtanthauziramawu wa Chingerezi amapeza chithunzi chake, n'kuganiza kuti ndicho chimene Mose analamula. Kumeneko ndi kutenga tanthauzo la mu 1753 n'kulibwezera ku malemba amene analembedwa zaka zoposa 2,000 m'mbuyo mwake.

4. Vuto la pa Yohane 19:29

M'Chipangano Chatsopano hyssopos amapezeka kawiri kokha. Pa Ahebri 9:19 palibe vuto, popeza wolemba akukumbutsa mwambo wowaza wa m'nthawi ya Mose. Pa Yohane 19:29 ndi pamene pagona nkhani. Chinkhupule chonyowa ndi vinyo wosasa chikuikidwa pa hyssopos n'kufikitsidwa pakamwa pa Yesu ali pamtanda. Marko 15:36 ndi Mateyu 27:48, pofotokoza chochitika chomwechi, ali ndi kalamos, ndiye kuti bango. Funso limene owerenga akhala akufunsa ndi lakuti, kodi kachitsamba komera pakhoma kangathe kunyamula chinkhupule chonyowa?

Mu 1572 Joachim Camerarius anapereka yankho lanzeru. M'Chigriki muli liwu lina, hyssos, lotanthauza nthungo ya msilikali wa Chiroma. Mabuku akale ankalembedwa ndi malembo aakulu okhaokha popanda mpata pakati pa mawu, ndipo liwu lotsatira pa vesili limayamba ndi lembo la p. Motero HYSSOPERITHENTES, kuika pa nthungo, ndi HYSSOPOPERITHENTES, kuika pa hisope, zimasiyana pa phatikizo limodzi lokha. Camerarius anaganiza kuti Yohane analemba za nthungo ndipo wokopera wina anabwereza phatikizolo mwangozi. Buku lina lolembedwa pamanja la m'zaka za m'ma 1000, limene akatswiri amalipatsa nambala 476, lili ndi hyssos. Omasulira New English Bible mu 1961 anatsata maganizo amenewa n'kulemba nthungo, koma Revised English Bible ya 1989 inabwerera ku chitsamba.

Ife tikuona kuti kubwererako kunali koyenera, pa zifukwa zitatu. Choyamba, pafupifupi mabuku onse olembedwa pamanja, kuphatikizapo akale kwambiri, ali ndi hyssopos, ndipo n'kwapafupi kuti wokopera adumphe phatikizo lobwerezeka kusiyana ndi kuti aonjezere phatikizo limene likusandutsa chida cha msilikali kukhala chitsamba. Chachiwiri, monga Bruce Metzger anakumbutsira mu 1971, hyssos inali nthungo ya asilikali a magulu aakulu a Aroma, pamene asilikali a Pilato anali a magulu othandizira. Ndipo Yohane mwini, pofuna kutchula mkondo pa 19:34, akugwiritsa ntchito liwu lina, lonche. Chachitatu, chimene kwa ife ophunzira zolembedwa ndicho chachikulu, Yohane wamanga nkhani yake yonse pa chithunzi cha Pasaka. Pa 1:29 Yesu akutchedwa mwanawankhosa, pa 19:14 tsiku la imfa ndi tsiku lokonzekera Pasaka, ndipo pa 19:36 kusathyoledwa kwa mafupa kukuloza ku Eksodo 12:46. Wolemba wotere akatchula chitsamba cha pa Eksodo 12:22, wachitchula dala. Ponena za kutalika, nthambi ya Origanum syriacum imakhwima n'kufika pafupifupi mita imodzi, ndipo mitanda ya Aroma sinali yaitali monga mmene zithunzi za m'matchalitchi zimaonetsera.

5. Zimene omasulira m'Chinyanja anachita

Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William Hoppe Murray wa mishoni ya Dutch Reformed Church, linali ndi njira ziwiri pa mayina a zomera. Ina inali kufuna dzina la kuno. Mtengo umene Zakeyu anakwera pa Luka 19:4, sykomorea m'Chigriki, unakhala mkuyu, ndipo kumeneko kunali kulasa, chifukwa Ficus sycomorus amamera ku Jericho ndi kuno komwe. Mwana wa ku Kabwe amene amadutsa pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, umene boma linausunga ngati chikumbutso cha dziko, safuna womufotokozera chifukwa chake munthu wamfupi anasankha mtengo wa nthambi zotambalala chotero. Mtengo wa ku Lebanon, Cedrus libani, unakhala mkungudza, dzina la Widdringtonia whytei wa pa phiri la Mulanje. Mitengo iwiriyi ndi ya mabanja osiyana, koma yonse ndi ya m'mapiri, ya matabwa onunkhira ndi okhalitsa, motero owerenga amapeza chithunzi choyenera.

Njira inayo inali kubwereka, ndipo hisope ndi chitsanzo chake. Zotsatira zake n'zakuti pa Levitiko 14:4 ndi pa 1 Mafumu 4:33 njira ziwirizi zikukumana m'vesi limodzi: mkungudza, umene wowerenga amaudziwa, uli pambali pa hisope, amene sanamuonepo. Pa 1 Mafumu 4:33 zimenezi zikufooketsa chiganizo, chifukwa mphamvu yake ili pa kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, ndipo wowerenga akuona mbali imodzi yokha.

Maonekedwe a liwulo nawo ali ndi chotiuza. Lembo la h pa chiyambi ndi losowa m'mawu enieni a Chinyanja. Timalipeza m'mawu obwereka monga hema, hatchi ndi hotela. Komanso mawu a Chingerezi othera ndi p amene analowa m'Chinyanja kudzera pakamwa pa anthu amatsekedwa ndi u kapena o, monga kapu, supu, mapu ndi sopo. Pakanakhala kuti amayi a pamsika ndiwo analandira dzinali, tikanayembekezera hisopu kapena hisopo. Lembo la e kumapeto likusonyeza kuti liwuli linabadwira pa tebulo la omasulira, popanda chomera chimene anthu akanachigwira ndi manja. Bulugamu anabwera ndi mtengo wake, ndipo aliyense amaudziwa. Hisope anabwera yekha.

Ngakhale zili choncho, tikuweruza kuti kubwereka kunali kolondola. Eksodo, Salimo ndi Yohane zimalumikizana ndi liwu limodzi, ndipo womasulira amene angalembe dzina lina pa malo alionse angadule chingwe chimene Yohane anamanga. N'zosadabwitsa kuti ngakhale Buku Loyera la 1998, limene linatsata njira yomasulira tanthauzo m'chinenero cha masiku onse, linasunga dzina la hisope. Ernst Wendland wa ku Lusaka, amene anagwira nawo ntchito imeneyo, anali atafotokoza kale m'buku lake la 1987 lonena za chikhalidwe pa kumasulira Baibulo kuti dzina la kuno limabwera ndi katundu wake wa maganizo, amene nthawi zina amasokoneza uthenga.

Pamene tikutsutsana ndi Buku Lopatulika ndi pa Yohane 19:29. Chigriki chili ndi hyssopos yekha, koma omasulira anaonjezera liwu lakuti phesi. Cholinga chawo chikumveka: anafuna kuti wowerenga aone chinthu chotha kunyamula chinkhupule. Koma kwa mlimi wa kuno phesi ndi la chimanga kapena la mapira, lalitali ngati munthu ndiponso lonenepa ngati chala chachikulu. Liwuli likukokera Yohane kufupi ndi bango la Marko, ndipo likukuza chitsamba chimene 1 Mafumu 4:33 akuchitchula ngati chaching'ono pa zonse. Wowerenga amene wapatsidwa phesi sangaganizenso za kamtolo ka pa Eksodo 12:22. Mawu monga kanthambi kapena kamtengo, pokhala ndi mphatikiram'mbuyo wa kuchepetsa, amasunga kukula koyenera.

6. Umboni wa mayina a zitsamba m'Chinyanja

Munthu wolankhula Chinyanja ali ndi mwayi pomvetsa hyssopos, chifukwa chinenero chake chimatchula zitsamba m'njira yofanana ndi ya Agriki ndi Ahebri. Jessie Williamson m'buku lake la zomera zothandiza za ku Nyasaland la 1955, ndi Brian Morris mu Chewa Medical Botany la 1996, anaonetsa kuti dzina limodzi limatha kukhala la zomera zingapo, ndi kuti kawirikawiri chimene chimazimanga pamodzi ndi ntchito. Mwanamphepo ndi dzina la nthenda, ndiponso ndi dzina la zomera zoyanga zingapo zimene asing'anga amachizira nthendayo. Mkuyu ndi dzina la mitundu ingapo ya Ficus. Bulugamu, amene m'Chingerezi ankatchula mitundu yowerengeka, kuno ndi dzina la Eucalyptus aliyense. Wofunsa kuti mwanamphepo weniweni ndi uti ayenera kuyamba wanena mudzi ndi nthenda. Hyssopos ndi chimodzimodzi: tiyenera kuyamba tadziwa wolemba, dziko lake ndi ntchito imene akufotokoza.

Wina angafunse ngati kuno kulibe chitsamba chimene chikanaima m'malo mwa hisope. Choyandikira kwambiri ndi mpungabwi, wa mtundu wa Ocimum, amene ali m'banja limodzi ndi Origanum ndi Hyssopus, banja la Lamiaceae. Ndi wamfupi, wonunkhira, ndipo amamera pafupi ndi nyumba. Koma kwa ife mpungabwi ndi wothamangitsira udzudzu, ndipo wolapa wa pa Salimo 51 atautchula, mpingo ungaseke. Tikatsata ntchito m'malo mwa chomera tikufika pa litchowa, limene sing'anga amaviika mu mankhwala n'kuwaza pakhomo. Ntchito ikufanana ndithu, koma litchowa ndi mchira wa nyama, ndipo limakumbutsa za kutsirika. Mayina awiriwa ndi othandiza pofotokoza m'kalasi, koma sangalowe m'malemba.

Chipwitikizi, chimene abale athu olankhula Chinyanja ku Tete ndi ku Niassa amaphunzira ku sukulu, chinayenda njira imeneyi mpaka kumapeto. M'chinenerocho hissopo ndi chitsamba, pamene hissope ndi kachida kamene wansembe amawazira madzi odalitsidwa, ngakhale katakhala kachitsulo. M'Chisipanishi namo hisopo ndi chowazira. Ntchito inapitirira ndi dzina, chomera n'kutsala m'mbuyo. Umenewu ndi umboni wina wakuti pa mwambo tanthauzo lenileni la liwuli linali kuwaza.

7. Kuyeretsa ndi kuchiritsa

Kusiyanitsa matanthauzo awiri aja kuli ndi phindu kunja kwa kalasi. Mneni wakuti kuyeretsa m'Chinyanja amagwira ntchito pa zovala, pa mtima ndi pa thupi; timamva anthu akunena za mankhwala oyeretsa magazi kapena otsuka m'mimba. Munthu amene wamva Salimo 51:7, kenaka n'kuwerenga pa intaneti kuti hyssop ndi chitsamba cha mankhwala, angalumikize ziwirizi mosavuta n'kukhulupirira kuti Baibulo lalamula mankhwala otsuka thupi. Taona kale kuti malemba a Chihebri sanena zotero, ndi kuti chomera cha Linnaeus ndi china. Tionjezere kuti mafuta otchezedwa kuchokera ku Hyssopus officinalis ali ndi pinocamphone, amene akamwedwa amatha kugwetsa munthu n'kumunjenjemeretsa ngati wodwala khunyu, makamaka mwana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'tauni ino nkhani ya kuyeretsa magazi ndi yolemera. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, umene miyala yake inapezeka mu 1902 ndipo unatsekedwa mu 1994, unasiya mtovu m'dothi la madera monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ana ambiri apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Chithandizo chake ndi kuyezetsa magazi ku chipatala, kulandira mankhwala amene madokotala amapereka ochotsa mtovu, ndi kuteteza ana ku fumbi. Palibe chitsamba chotchedwa hisope, cha Mose, cha Dioscorides kapena cha Linnaeus, chimene chingagwire ntchito imeneyi. Mphunzitsi kapena mlaliki amene afotokoza Salimo 51 pamaso pa makolo a ana otere ayenera kunena momveka kuti wolapayo akubwereka chithunzi cha mwambo wowaza pofuna kupempha chikhululukiro.

8. Mathero

Tapeza kuti hyssopos ndi dzina lobwereka ku Chisemiti, limene m'malemba a Chiyuda limatanthauza chitsamba chowazira, chimene umboni wochuluka ukusonyeza kuti ndi Origanum syriacum, pamene m'mabuku a asing'anga a Chigriki limatanthauza mankhwala a chifuwa a m'banja lomwelo. Hyssopus officinalis analandira dzinali mochedwa ndipo sayenera kulowetsedwa m'nkhani za m'Baibulo. Omasulira a 1922 anachita bwino kusunga liwu limodzi pa malo onse, koma phesi la pa Yohane 19:29 limasokeretsa, ndipo liwu lobwereka popanda chomera chake limafuna kufotokozeredwa.

Kwa olemba mtanthauziramawu ndi mabuku a sukulu tikupereka tanthauzo ili kuti aliganizire: hisope, dzina lobwereka, chitsamba chaching'ono chonunkhira cha ku Palestine, cha m'banja limodzi ndi mpungabwi, chimene Ayuda ankamanga kamtolo n'kuwazira magazi kapena madzi pa miyambo ya kuyeretsa. Kwa aphunzitsi tikupempha kuti pokumana ndi dzina la chomera chachilendo aziyamba ndi funso lakuti chomeracho chikugwira ntchito yanji m'nkhaniyo, asanathamangire ku mtanthauziramawu wa Chingerezi. Mayina ena a zomera ndi zonunkhira amene analowa m'Chinyanja mwa njira yomweyi, monga nardo, mure ndi libano, akudikira kufufuzidwa mofananamo, ndipo ntchitoyo idzapindula kwambiri ikadzayerekezedwa ndi zimene omasulira a Chibemba ndi Chitonga anachita pa mavesi omwewa.